Kuchokera ku Moscow kukafika ku Saint Petersburg pamadzi: yankho kwa mayi a ku Zomba

Mayi ena a ku Zomba, amene anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka zambiri ndipo tsopano anapuma pantchito, alemba kuti mwana wawo wamwamuna akumaliza maphunziro a udokotala ku Russia. Mwanayo akufuna kuti makolo ake akapita ku mwambo wolandira digiri, akawakweze sitima yapamadzi yoyenda m'mitsinje ndi m'nyanja kuchokera ku Moscow mpaka ku Saint Petersburg. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi ulendowu ndi woyenera ndalama ndi masiku ake? Tikaona chiyani m'njiramo, tipite mwezi uti, nanga nkhondo imene timamva pawailesi sitisokoneza? Sitima yokhayo imene ndinakwerapo ndi Ilala."

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo ndikukuyamikirani inu ndi bambo pomuphunzitsa mwana mpaka kufika pamenepa. Yankho langa ndi lakuti ulendowu ndi woyenera, makamaka kwa munthu ngati inu amene mwakhala mukuphunzitsa mbiri ya ku Ulaya, koma muyenera kudziwa bwino chimene mukugula. Moscow ndi Saint Petersburg mungathe kuiona popanda kukwera sitima yapamadzi, pakuti sitima yapamtunda yothamanga yotchedwa Sapsan imayenda makilomita pafupifupi 650 apakati pa mizinda iwiriyi m'maola anayi okha. Pamadzi mtundawo umapitirira makilomita 1,300 ndipo umatenga masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, mwinanso kufika masiku 12 ngati kampani yaphatikizapo masiku ogona m'mizinda ikuluikuluyo. Choncho ndalama zanu zikulipirira za pakatipo: matauni ang'onoang'ono a m'mphepete mwa mtsinje wa Volga, nyumba za amonke za kumpoto, chilumba cha Kizhi, ndi njira yamadziyo, imene payokha ndi mbiri ya dzikolo.

Ndikuti njirayo ndi mbiri chifukwa si mtsinje umodzi wachilengedwe wolumikiza mizinda iwiriyi. Ndi mitsinje, nyanja, ngalande zokumba ndi madamu zimene anthu anazilumikiza m'kati mwa zaka zoposa 200. Popeza madzi a malo amenewa sali pa msinkhu umodzi, sitima imakwezedwa kapena kutsitsidwa m'zipata zamadzi, zimene Arasha amazitcha shlyuz. Sitima imalowa m'chipinda chachitali cha konkire, zitseko zachitsulo zimatsekedwa kumbuyo kwake, kenako madzi amatulutsidwa kapena kulowetsedwa mpaka atalingana ndi a kutsogolo, ndipo zitseko zakutsogolo zimatseguka. Pa ulendo wonse mudzadutsa zipata 16 zotere, ndipo zimakwana 18 ngati sitima ipatukira ku Yaroslavl. Chipata choyamba aliyense amathamangira panja kukaonerera, koma pofika tsiku lachinayi ambiri amangopitiriza kumwa tiyi. Ine ndimalangiza kuti mudzatulukebe pa zipata zisanu ndi chimodzi za pa mtsinje wa Vytegra, pamene sitima imatsika mamita pafupifupi 80 ngati ikuponda makwerero kulowera ku nyanja ya Onega.

Ulendo umayambira pa doko la kumpoto kwa Moscow, pa nyumba yaitali ya nyenyezi pamwamba imene inamangidwa mu 1937 ndi kukonzedwanso mu 2020. Kuchoka pamenepo mumalowa m'ngalande ya Moscow, yotalika makilomita 128, yolumikiza likululi ndi Volga. Ngalandeyi ndi yokongola, mitengo ili mbali zonse ndipo zipata zake n'zokongoletsedwa ndi nsanja ndi ziboliboli, koma wotsogolera alendo sangakuuzeni nthawi zonse amene anaikumba. Inakumbidwa pakati pa 1932 ndi 1937, mu ulamuliro wa Stalin, ndi akaidi a m'ndende zozunzirako anthu za Gulag, ambiri mwa iwo atangogwira mafosholo ndi mawilibala. Zikalata za boma lomwelo zimasonyeza kuti akaidi oposa 22,000 anafera pa ntchitoyo. Ife amene makolo athu ankasimba za thangata tikudziwa tanthauzo la kugwira ntchito mokakamizidwa, ngakhale kuti nkhanza za pangalandeyi zinali zoopsa koposa. Madzulo oyamba a ulendo wanu mudzakhala mukuyenda pamwamba pa ntchito imeneyo, ndipo ndi bwino kuyenda mukudziwa.

Ku Dubna mumalowa mu Volga, mtsinje wautali kuposa yonse ku Ulaya, wa makilomita 3,530, umene umakathira m'nyanja ya Caspian. Musanafike ku Uglich, pafupi ndi tauni ya Kalyazin, mudzaona nsanja ya belu itaima yokha pakati pa madzi. Inali ya tchalitchi cha Nikolasi Woyera ndipo inamalizidwa mu 1800, koma pamene boma linamanga damu la Uglich chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, gawo lakale la tauniyo linamizidwa, tchalitchi chinagwetsedwa, nsanja yokha n'kutsala. Mufunse ogwira ntchito m'sitima ola limene mudzadutse pamenepo, chifukwa kawirikawiri kumakhala kum'mawa ndipo sitima siima.

Uglich ndi tauni yaing'ono imene mungaizungulire wapansi m'maola atatu, koma kwa mphunzitsi wa mbiri ndi pamalo pofunika kwambiri pa Volga yonse ya kumtunda. Pa 15 Meyi 1591, Dmitry, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu wa mfumu Ivan Woopsa, anapezeka atafa ndi bala la mpeni pakhosi m'bwalo la nyumba yachifumu. Ofufuza ochokera ku Moscow anagamula kuti mwanayo anadzibaya yekha atagwidwa ndi khunyu akusewera ndi mpeni, pamene anthu a ku Uglich anakhulupirira kuti anaphedwa ndi anthu a Boris Godunov, amene ankalamulira dziko m'dzina la Fyodor, mkulu wake wa mwanayo. Belu la tchalitchi litalira, anthu anasonkhana n'kupha amene ankawaganizira. Boma linalanga anthu a m'tauniyo, ndipo linalanganso belulo ngati munthu: analikwapula, analizula lilime, n'kulithamangitsira ku Tobolsk ku Siberia, kumene linakhala zaka 300 mpaka linabwezedwa mu 1892. Lero lili m'tchalitchi chofiira cha madenga obiriwira ngati thambo chimene chinamangidwa mu 1692 pamalo pamene mwanayo anafera. Imfa imeneyi inali ndi zotsatira zazikulu, pakuti Fyodor atamwalira mu 1598 wopanda wolowa ufumu, banja lachifumu lakale linatha. Dziko linalowa m'zaka za chipwirikiti, anthu onyenga ankadzuka n'kumadzitcha Dmitry wopulumuka, ndipo bata linayamba kubwerera mu 1613 pamene Mikhail Romanov anasankhidwa kukhala mfumu. Banja la Romanov limene munkaphunzitsa za kugwa kwake mu 1917 linalowa ufumu kudzera pa mpata umene unatseguka m'bwalo limenelo.

Sitima zina zimaima ku Myshkin, tauni imene dzina lake limachokera ku mawu otanthauza mbewa ndipo ili ndi nyumba yosungiramo zidole za mbewa. Ndi pamalo pabwino powongolera miyendo, koma sindingasankhe sitima chifukwa cha pamenepo.

Funso lenileni posankha ndi lakuti sitimayo ipatukira ku Yaroslavl kapena ayi. Mzindawu suli pa njira yolunjika, kotero sitima imatsika ndi Volga kudutsa chipata cha Rybinsk kenako n'kubwerera, ndipo zimenezi zimawonjezera tsiku limodzi. Ine ndimaona kuti tsikulo silitayika. Yaroslavl unakhazikitsidwa cha m'ma 1010 ndi kalonga Yaroslav Wanzeru pamene mtsinje wa Kotorosl umakumana ndi Volga, ndipo pakati pa mzindawu panalembedwa mu 2005 m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse. Tchalitchi cha mneneri Eliya, chimene amalonda olemera anamanga pakati pa 1647 ndi 1650, chili ndi zithunzi zojambulidwa pakhoma kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo ojambulawo anaika nkhani za m'Baibulo m'minda ndi m'zovala za alimi a ku Russia, moti nkhani ya mwana wa mkazi wa ku Sunemu mumaiona pakati pa anthu okolola ndi zikwakwa. Mukadzagwira ndalama yapepala ya ma ruble 1,000 yakale ija, mzinda wojambulidwapo ndi umenewu.

Kenako pamabwera nyanja ya Rybinsk, imene ndi yaikulu moti pakati pake gombe silioneka, koma ndi damu lopangidwa ndi anthu, la masikweya kilomita oposa 4,500. Madzi anayamba kudzaza mu 1941, ndipo anthu pafupifupi 130,000 anasamutsidwa m'midzi mazanamazana. Tauni yonse ya Mologa ili pansi pa madzi amenewo, ndipo chaka chimene madzi aphwa kwambiri maziko a nyumba ndi miyala ya m'misewu zimaonekera. Owerenga a ku Zambia ndi ku Zimbabwe akumbukira Atonga pafupifupi 57,000 amene anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi pomanga damu la Kariba, ndipo chisoni chake n'chimodzimodzi: manda a makolo kutsala pansi pa nyanja kuti mizinda yakutali ipeze magetsi.

Kuchoka pamenepo sitima imalowa mu mtsinje wa Sheksna, ndipo dziko limasintha. Midzi imatalikirana, nkhalango za paini zimafika mpaka m'madzi, ndipo mungayende maola angapo osaona munthu. Doko lotsatira ndi mudzi wa Goritsy, kumene basi imakutengani makilomita ochepa kupita ku nyumba ya amonke ya Kirillo-Belozersky, imene mmonke Kirill anaiyambitsa mu 1397 m'mbali mwa nyanja ya Siverskoye. Mawu akuti nyumba ya amonke angakusocheretseni, chifukwa chimene mudzaone ndi linga lalikulu la makoma ochindikala ndi nsanja zankhondo, lokhala ndi matchalitchi oposa khumi m'kati mwake. Amonkewa anali ndi minda, midzi ndi malonda a mchere, ndipo mafumu ankabwera kudzapemphera ndi kupereka mphatso, komanso ankatumizako anthu otchuka amene awalakwira. Ngati pa ndandanda ya ulendo pali mwayi wopita ku Ferapontovo, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pamenepo, musauphonye, chifukwa kumeneko kuli zithunzi zapakhoma zimene mmisiri Dionisy anajambula mu 1502 ndipo zasungika pafupifupi zonse.

Tsopano ndifike pa Kizhi, pamene ine ndimati sitima yosaima pamenepa musalipire. Ndi chilumba chaching'ono, chopyapyala, cha kumpoto kwa nyanja ya Onega, imene ndi yachiwiri kukula ku Ulaya. Sitima ikamayandikira, pamwamba pa udzu ndi madzi pamatulukira tchalitchi cha Kusandulika kwa Ambuye, chomangidwa mu 1714 ndi mitengo yokhayokha, chotalika mamita 37, chokhala ndi timadenga 22 tooneka ngati anyezi tosanjikizana mpaka pansonga. Timadengato anatifolera ndi timatabwa tosema ndi nkhwangwa ta mtengo wa aspen, timene tikakalamba timasanduka totuwa ngati siliva, ndipo maonekedwe ake amasintha ndi kuwala kwa dzuwa. Pambali pake pali tchalitchi chaching'ono cha timadenga tisanu ndi tinayi ndi nsanja ya belu. Matchalitchi ndi awiri chifukwa chachikulucho sichinkatenthetsedwa ndipo ankapempheramo m'chilimwe mokha, pamene chaching'onocho chinali cha nyengo ya chisanu. Mudzamva anthu akunena kuti tchalitchichi chinamangidwa popanda msomali ngakhale umodzi. Zoona zake n'zakuti makoma ndi amene alibe misomali, pakuti mitengo yake inalumikizidwa poisema kuti igwirane m'makona, koma timatabwa ta padenga tinakhomedwa ndi misomali. Zimenezi sizichepetsa luso la amisiriwo, amene mayina awo sanalembedwe. Nthano ya kumeneko imati mmisiri wamkulu atamaliza anaponya nkhwangwa yake m'nyanja kuti pasadzamangidwenso china chofanana nacho. UNESCO inalemba malowa m'kaundula wake mu 1990, ndipo ntchito yaitali yokonzanso tchalitchicho, yochotsa mtengo umodziumodzi wofumbwa n'kuikapo wina, inatha cha m'ma 2020. Pachilumbapo anasonkhanitsanso nyumba zakale za alimi, zimene banja, ziweto, udzu ndi bwato zonse zinkakhala pansi pa denga limodzi kuti munthu asatuluke panja m'miyezi ya chipale. Bambo akadzalowa m'nyumba imodzi yotere adzamvetsa za chisanu cha ku Russia kuposa zimene buku lingafotokoze. Pa Kizhi mumayenda wapansi makilomita awiri kapena atatu, choncho nsapato zikhale zofewa.

Kuchoka ku Onega, mtsinje wa Svir wa makilomita 224 umakufikitsani ku nyanja ya Ladoga. Pafupifupi sitima zonse zimaima ku Mandrogi, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti umenewu si mudzi wakale. Mudzi weniweniwo unawonongedwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo umene ulipowu unamangidwa m'zaka za m'ma 1990 kuti alendo azigulako zosemasema ndi kudya nyama yootcha. Mukapumeko, mugule mphatso za adzukulu, koma musauwerengere pa malo a mbiri pamene mukuyerekeza sitima ziwiri.

Ladoga ndiyo nyanja yaikulu kuposa zonse ku Ulaya, ya masikweya kilomita pafupifupi 17,700, kutanthauza kuti imaposa pang'ono theka la nyanja ya Malawi. Inu amene munakwerapo Ilala m'nyengo ya mwera mukudziwa kuti nyanja ikakwiya woyendetsa sitima ndiye amalamula. Ku Ladoga ndi ku Onega n'chimodzimodzi, ndipo sitima za m'mitsinje sizilimbana ndi mafunde aakulu, kotero mphepo ikakula doko la Kizhi kapena la Valaam likhoza kudumphidwa. Mufunse kampani musanalipire kuti imachita chiyani zikatero. Valaam ndi zilumba za miyala ndi nkhalango za kumpoto kwa Ladoga, kumene kuli nyumba ya amonke imene ikugwirabe ntchito, ndipo kuimba kwa amonke ake, kopanda ng'oma kapena limba, kumakhudza mtima ngakhale wa munthu wa mpingo wina. Ladoga yomweyo ndi imene inapulumutsa Leningrad, dzina la Saint Petersburg pa nthawiyo, pamene asilikali a Germany ndi Finland anazinga mzindawo kwa masiku 872, kuyambira Seputembala 1941 mpaka Januwale 1944. M'nyengo yozizira malole ankayenda pamwamba pa madzi oundana kubweretsa ufa ndi kutulutsa ana, pa njira imene anaitcha Msewu wa Moyo, ndipo ngakhale zinali choncho anthu oposa 600,000 anafa ndi njala.

Za mwezi wopitira, sitima zimayenda kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, chifukwa miyezi yotsalayo madzi amaundana. Miyambo yolandira digiri kumeneko imachitika kawirikawiri kumapeto kwa Juni kapena mu Julaye, ndipo zimenezi zakukomerani, pakuti ndiyo nyengo imene kumpoto dzuwa limalowa mochedwa kwambiri ndipo usiku sikuda kwenikweni. Mudzatha kuwerenga buku panja nthawi ya 11 koloko usiku. Kuipa kwake n'kwakuti mitengo ya matikiti imakwera, anthu amachuluka, ndipo m'nkhalango muli udzudzu wambiri, umene ulibe malungo koma umaluma kwabasi. Musanyengedwe ndi mawu akuti chilimwe: pa Onega m'mawa kumazizira ngati pamwamba pa phiri la Zomba mu Juni, choncho mutenge juzi, jekete losalowa madzi ndi chipewa. Inu mayi mutengenso mpango, chifukwa m'matchalitchi a Orthodox akazi amafunda kumutu ndipo amuna amavula zipewa, komanso m'nyumba za amonke amafuna siketi yaitali. Chitenje chimagwira ntchito imeneyi bwino lomwe.

Sitima zambiri za pa njirayi zinapangidwa ku East Germany m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ndi zotalika mamita pafupifupi 125, kuposa Ilala kawiri, ndipo zimanyamula anthu 200 mpaka 300. Zina anazikonzanso kwathunthu, zipinda n'kukulitsidwa, pamene zina zikadali ndi tizipinda topanikiza ta mabedi opapatiza, kotero mwana wanu afunse chaka chimene sitimayo inakonzedwa ndi kukula kwa chipinda, asangodalira zithunzi za pa intaneti. Pali ndi zatsopano zochepa, monga Mustai Karim imene inayamba kuyenda mu 2020, koma mtengo wake ndi wokwera. Kwa anthu achikulire ndimalangiza chipinda cha pa nsanjika yapakati, chakutsogolo, kutali ndi injini ndi chipinda cha nyimbo, ndipo mufunse ngati muli chikepe, popeza masitepe a m'sitima zakalezi ndi otsetsereka kwambiri. Chakudya chimaperekedwa katatu patsiku ndipo chimakhala m'kati mwa mtengo wa tikiti: phala la m'mawa lotchedwa kasha, supu wa kabichi kapena wa nsomba, mbatata, buledi wakuda wowawasa pang'ono, ndi tiyi wosatha. Nsima kulibe, ndipo ndi bwino bambo adziwiretu.

Nkhani ya nkhondo ndiyankha mosapita m'mbali. Chiyambire pamene Russia inalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, makampani a ku Ulaya ndi ku America monga Viking anasiya maulendo amenewa, ndipo amene akuyendetsa ndi makampani a ku Russia komweko monga Vodohod ndi Mosturflot. Okwera ambiri tsopano ndi Arasha, choncho si sitima iliyonse imene ili ndi wotsogolera wolankhula Chingerezi. Mwana wanu akhoza kumasulira, koma kumasulira mbiri kwa sabata yathunthu ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndi bwino kufunafuna ulendo umene uli ndi gulu la Chingerezi. Njira ya sitimayi ili kutali ndi kumene kukumenyedwa nkhondo, komabe mabwalo a ndege a ku Moscow ndi ku Saint Petersburg amatsekedwa nthawi zina kwa maola angapo chifukwa cha ndege zopanda oyendetsa, ndipo intaneti ya pafoni imadulidwa m'madera ena. Mayiko ena, monga Britain, amalangiza nzika zawo kuti zisapite ku Russia, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi salipira ngozi ya m'dziko limene lili pa chenjezo lotere. Kwa anthu a msinkhu wanu inshuwalansi ya chipatala ndiyo yoyamba kuikonza, ndipo ilembe poyera kuti ikugwira ntchito ku Russia. Mukafika kumeneko musakambe za nkhondo ndi anthu osawadziwa kapena kulemba za iyo pafoni, chifukwa malamulo a mu 2022 amalanga munthu wonyoza asilikali, ndipo mlendo samupatula.

Makhadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja sagwira ntchito ku Russia kuyambira Malichi 2022. Njira yosavuta ndi yakuti mwana wanu alipire sitima ndi khadi lake la kumeneko, inu n'kutenga madola atsopano, osang'ambika ndi osalembedwa, okasintha kubanki, podziwa kuti ndalama zopitirira madola 10,000 zimayenera kulembetsedwa pa chipata cholowera. Facebook ndi Instagram n'zotsekedwa, kotero mupanganiretu ndi abale njira ina yolankhulirana. Amalawi amafunika viza, ndipo ofesi ya kazembe wa Russia imene imayang'anira Malawi ili ku Harare, choncho muyambe msanga, patatsala miyezi itatu kapena kuposerapo. Pa bwalo la ndege adzakupatsani kapepala kolowera m'dziko, kamene muyenera kukasunga m'pasipoti mpaka tsiku lotuluka. Muziyang'ana mmene zinthu zilili mpaka sabata yonyamukira, ndipo mugule matikiti a ndege otheka kusintha tsiku, ngakhale akwere mtengo pang'ono.

Ngati zonsezi zakonzeka, muyambire ku Moscow osati ku Saint Petersburg. Mukatero mudzayenda motsatira mbiri yomwe, kuchoka ku Russia ya Ivan ndi Godunov, kudutsa kwa amonke ndi alimi a kumpoto, kukathera mu mzinda umene Peter Wamkulu anauyambitsa mu 1703 atayang'ana ku Ulaya, komanso usiku udzanka nuwalirawalira pamene mukulowera kumpoto. Sitima imachoka mu Ladoga pafupi ndi linga la Oreshek la mu 1323, n'kutsika ndi mtsinje wa Neva, ndipo imakocheza kutali ndithu ndi pakati pa mzinda. Pa chifukwa chimenechi ndikulangiza kuti mutsike, mugone masiku awiri kapena atatu m'hotela ya pafupi ndi msewu wa Nevsky, kuti muone nyumba yosungiramo zojambula ndi zakale ya Hermitage ndi akasupe a ku nyumba yachifumu ya Peterhof mosathamanga. Pokonza masikuwo mukumbukire kuti Hermitage satsegula Lolemba, ndipo nyumba zosungiramo zakale za mu linga la Kremlin ku Moscow satsegula Lachinayi. Pobwerera ku Moscow mukwere Sapsan, mwana wanu akupezereni mpando wa pawindo.